Mwana woyamwa akakhala masiku osachita chimbudzi

Tiyerekeze ana awiri, onse oyamwa bere lokha, onse atha masiku atatu osabiba. Wina ali ndi masiku 9 chibadwire, wina miyezi iwiri ndi theka. Kwa woyambayo mitima ili m'malo, akuti mwanayu ndi wofatsa, amangogona, savuta. Kwa wachiwiriyo tulo tasowa, apongozi atuma kale mwana kugolosale kukagula gripe water, ndipo kachidutswa ka sopo koti kalowetsedwe kumunsi kwa mwana kasongoledwa kale. Komatu amene akufunika kuonedwa ndi achipatala lero lomwe ndi woyambayo. Wachiwiriyo, ngati akuyamwa bwino, akukodza, mimba ili yofewa ndipo sikelo ikukwera, nthawi zambiri amakhala alibe vuto lililonse.

Nkhaniyi yagona pa msinkhu wa mwana. Masiku omwewo osabiba amatanthauza zinthu ziwiri zosiyana kutalitali, malinga ndi kuti mwana wadutsa masabata 6 kapena ayi. M'makomo ambiri kuno ku Mangochi timazitenga chadodolido: timadekha pamene tikanafulumira, n'kumatekeseka pamene tikanangodikira.

Masiku a m'chikuta

Mwana ali m'mimba mwa mayi ake amameza madzi amene akukhalamo. Madziwo, pamodzi ndi ndulu ndi zonanda za m'matumbo, ndiwo amasanduka chimbudzi choyamba chija, chakuda mobiriwira, chomata, chovuta kuchapa koma chosanunkha kwenikweni. Ana ambiri obadwa masiku atakwana amachitulutsa pasanathe maola 24, ndipo pofika maola 48 pafupifupi onse amakhala atatulutsa. Obadwa masiku asanakwane amatha kuchedwerako.

Chimene chimathandiza kuchikankha ndi mkaka woyamba wachikasu uja, chithuwi. Umatuluka wochepa, supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri pa kuyamwa kumodzi tsiku loyamba, ndipo kamimba ka mwana n'kongokwana zomwezo. Kuchepa kwakeko kusakunyengeni. Mkaka umenewu umafewetsa m'matumbo, umatulutsa chakudacho msanga, ndipo chikatuluka msanga chikasu cha ana chimachepa mphamvu, poti zimene zimasandutsa khungu ndi maso kukhala zachikasu zimachoka m'thupi kudzera m'chimbudzi. Kuufinyira pansi poganiza kuti ndi wakuda kapena wowola n'kumulanda mwana mankhwala ake oyamba.

Kafukufuku wa zaumoyo wa m'Malawi muno wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 91 mwa 100 alionse ankabadwira kuchipatala. N'zabwino ndithu, koma mayi amene wachira popanda vuto sakhalitsa m'wodi, ambiri amatuluka maola 48 aja asanakwane. Ndiye amene amaona matewera a tsiku lachiwiri, lachitatu ndi lachinayi si anamwino. Kawirikawiri si mayi wa mwananso, poti iye akali kumva kuwawa, amene amachapa ndi agogo, azakhali kapena achemwali. Munthu wochapayo ndiye amadziwa zoona zake za mwanayo, ndipo ndi bwino adziwe chimene akuyang'ana.

Chimene akuyang'ana ndi kusintha kwa mtundu. Tsiku loyamba ndi lachiwiri, chakuda. Lachitatu ndi lachinayi, chobiriwira mofiirira, chocheperako kumata. Pofika tsiku lachisanu chikhale chachikasu, chamadzimadzi, chokhala ndi timanjerenjere toyera. Kuyambira apo mpaka masabata 4 kapena 6, mwana woyamwa mokwanira amabiba katatu, kanayi kapena kuposa pa tsiku, ena akangoyamwa basi thewera ladetsedwa. Sikutsegula m'mimba kumeneko. Mkaka ukalowa m'kamimba, matumbo akumunsi amalandira uthenga woti apereke malo, ndipo pa msinkhu umenewu uthengawo umakhala wamphamvu kwambiri. Kadontho kongothimbiriza thewera musakawerenge, werengani chimene chingadzaze supuni yaikulu.

Mkodzo nawo uli ndi mawerengero ake: thewera limodzi lonyowa tsiku loyamba, awiri tsiku lachiwiri, kumakwera choncho mpaka 6 kapena kuposa pa maola 24 kuyambira tsiku lachisanu, mkodzo woyera wosanunkha kwambiri. Timadontho tofiirira pa thewera m'masiku awiri kapena atatu oyamba timachitika, koma tikapitirira tsiku lachinayi ndiye kuti madzi m'thupi akuchepa. Mapampasi amabisa mkodzo, choncho anyamuleni mumve kulemera kwake, kapena ikani kansalu koyera mkati. Matewera ansalu nawo m'kutentha kwa Okutobala amauma mwana ali chivalire, ndiye muzimugwira pafupipafupi.

Tsono mwana wosakwana masabata 6 akatha tsiku lathunthu kapena awiri osabiba, kapena chimbudzi chikadali chakuda pa tsiku lachisanu, chifukwa chofala kwambiri n'chakuti mkaka ukulowa wochepa. Palibe chimene chatsekeka, kungoti palibe chokwanira choti chituluke. Apa m'pamene mtima wanga umawawa, chifukwa mwana wotere sakuwa kuti anthu amumvere chisoni. Njala ikamufooketsa amagona kwambiri, akagona sayamwa, akapanda kuyamwa chikasu chimakula, chikasucho n'kumugonetsanso. Bere nalo likapanda kuyamwidwa limachepetsa mkaka. Anthu pakhomo amamuyamikira kuti ndi wofatsa, pamene thupi likuuma.

Sikelo ndiyo imanena zoona. Mwana aliyense amatsikako thupi m'masiku oyamba, koma asatsike kupitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kumene anabadwa nako. Wobadwa ndi makilogalamu 3 akafika pa 2.7 wafika pa malire. Pofika masabata awiri akhale atabwerera pomwe anabadwira, ndipo kuchokera apo ana ambiri amawonjezera magalamu 150 mpaka 200 pa sabata m'miyezi itatu yoyamba. N'chifukwa chake ulendo wobwerera kuchipatala pakatha sabata imodzi suyenera kudumphidwa, ngakhale mayi akumva bwino, ngakhale mchombo usanagwe ndipo mwambo ukuti asatuluke. Amene amangodikira katemera wa masabata 6 amadumpha nthawi imene vutoli likanagwidwa likadali laling'ono.

Mkaka wolowa wochepa sikuti nthawi zonse mayi alibe mkaka. Nthawi zambiri ulipo, koma mwana sakuukoka. Khalani pafupi muyang'ane mmene wagwirira bere. Wogwira bwino amayasamula kwambiri, mlomo wam'munsi umapindikira kunja, chibwano chimagunda bere, ndipo mbali yakuda ya bere imaoneka yambiri pamwamba pa kamwa kuposa pansi. Masaya amakhala otukuka. Amayamba mofulumira, kenako amakoka mozama pang'onopang'ono, kupumira, kukokanso, ndipo mukatchera khutu mumamva akumeza. Wogwira kunsonga kokha masaya amalowa mkati, amalira mlomo poyamwa, amakhala pabere nthawi yaitali koma n'kuchokapo akulira, ndipo nsonga ya bere imatuluka yophwatalala, mayi akumva kupweteka, mwina mpaka zilonda. Mayi wachitsikana amene uyu ndi mwana wake woyamba amapirira ululuwo poganiza kuti kuyamwitsa kumatero. Sikumatero, ndipo kukonza kagwiridweko kumatenga mphindi zochepa ngati pali wina womuonetsa.

Pali zinanso zimene zimachepetsa mkaka wolowa: mawere otupa kwambiri moti mwana akulephera kugwira, lilime lomangika pansi, mwana wobadwa wochepa thupi amene amatopa msanga, mayi amene anataya magazi ambiri pobereka, kapena kachidutswa ka nsengwa kotsalira m'chiberekero. Zonsezi n'zofuna diso la achipatala. Podikira kupita, mwana ayamwe ka 8 mpaka 12 pa maola 24, usiku womwe. Wogonetsa mudzutseni pakatha maola awiri kapena atatu, mumuvule, mumugoneke pachifuwa panu khungu kukhudzana. Amalize bere limodzi musanamupatse linalo. Ngati akulephera kukoka, finyirani mkaka m'kapu yoyera mumumwetse pang'onopang'ono.

Pamene njira yatsekekadi

Pali ana ochepa amene chimbudzi chimakanika kutuluka chifukwa cha mmene matumbo anapangidwira. Ndi ochepa, koma iwo ndiwo kuchedwa kumawapha.

Ena amabadwa opanda kabowo kotulukira chimbudzi, kapena kali pamalo olakwika. Anamwino amayang'ana mwana akangobadwa, koma inunso yang'anani pomusambitsa. Kwa ana aakazi vutoli limabisala, poti chimbudzi chimatha kumatuluka pang'onopang'ono kudzera pa kanjira kena pafupi ndi njira ya umayi, wochapa matewera n'kumaona ngati zonse zili bwino.

Ena ali ndi matenda otchedwa Hirschsprung, dzina la dokotala wa ana wa ku Denmark, Harald Hirschsprung, amene anawafotokoza mu 1886. Amagwira mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 5,000, anyamata kuposa atsikana pafupifupi kanayi. Matumbo amakankha zimene zili mkati mwake pofinya ndi kumasuka mosinthanasinthana, ndipo zimenezi zimalamulidwa ndi timinyewa ta m'khoma la matumbowo. Mwa ana amenewa, gawo lakumapeto kwa thumbo lalikulu lilibe timinyewati, choncho limangokhala lofinyika osamasuka. Chimbudzi chimaunjikana kumtunda kwake, mimba n'kutupa. Chizindikiro choyamba nthawi zambiri chimakhala chija cha maola 48: chakuda chinachedwa kutuluka. Ngati gawo lodwalalo ndi lalifupi, mwana amatha kukhala miyezi akungovutika ndi mimba yotupa, osanenepa, akubiba pokhapokha wina atalowetsa kanthu kumunsi. Sopo uja akatulutsa chimbudzi, banja limati mankhwala tawapeza, matenda n'kumakula mobisala. Kuchiza kwake ndi opaleshoni yochotsa gawo lopanda timinyewalo, ndipo nthawi zina amayamba atsegula kaye kanjira pamimba kuti chimbudzi chizitulukira pamenepo kwa kanthawi. Maopaleshoni a ana otere amachitika ku Blantyre, pachipatala cha Queen Elizabeth, pomwe mu 2017 panatsegulidwa chigawo cha Mercy James cha opaleshoni ya ana. Njira yake imayambira pachipatala chapafupi, kaya ndi Monkey Bay, Namwera, Lungwena kapena St Martin's ku Malindi, n'kupita pachipatala chachikulu cha pa boma, chimene chimatumiza ku Zomba kapena ku Blantyre.

Chizindikiro chimene sichidikira kuti kuche ndi masanzi obiriwira. Kubweza timkaka toyera mwana akakhuta n'kwa ana onse. Koma ndulu imalowa m'matumbo kumunsi kwa chifu, ndiye ikabwerera kutulukira kukamwa ndiye kuti kumunsiko kwatsekeka, mwina thumbo lapotokola. Thumbo lopotokola limasowa magazi ndipo limatha kufa m'maola ochepa. Wa ku Makanjira kapena ku Katuli amadziwa kutalika kwa msewu wopita pa boma, ndiye woyamba kunyamuka akhale iyeyo, usiku kapena usana.

Zina zofuna kunyamuka nthawi yomweyo ndi mimba yotupa yolimba imene mwana akulira mukaigwira, magazi m'chimbudzi, kukana bere, kufooka moti akungosuntha mukamugwedeza, liwombo lolowa, kukomoka, kupuma mothamanga, thupi lotentha kufika madigiri 37.5 kapena kuposa, kapenanso lozizira modabwitsa. Mwana wosakwana miyezi iwiri musataye naye nthawi kuchipatala cha m'mudzi. Alangizi a zaumoyo amathandiza ana a miyezi iwiri mpaka zaka 5, wocheperapo amangomutumiza kutsogolo.

Palinso ziwiri zosafuna kuthamanga usiku koma zosayenera kudikira mwezi wamawa. Chimbudzi choyera kapena chotuwa, pamodzi ndi mkodzo wachikasu kwambiri ndi maso achikasu kupitirira masabata awiri, chimasonyeza kuti ndulu siikuchoka m'chiwindi kupita m'matumbo, ndipo opaleshoni yake imathandiza kwambiri ikachitika mwana asanakwane miyezi iwiri. Mwana wogonetsa, wosabiba pafupipafupi, wa chikasu chosatha, khungu louma, lilime lalikulu ndi kulira kwa mawu osasa angakhale ndi chithokomiro chosagwira bwino ntchito, vuto limene limachizika ndi mankhwala akumwa koma likachedwa limawononga ubongo.

Akadutsa masabata 6

Apa zinthu zimatembenuka. Mwana amene ankadetsa matewera asanu pa tsiku amayamba kubiba kamodzi, kenako kudumpha tsiku, kenako masiku atatu, asanu, sabata. Ena amafika masiku 10 ali bwinobwino. Si ana onse amatero, ambiri amapitiriza tsiku ndi tsiku, koma amene amatero ndi ochuluka ndithu ndipo amapezeka paliponse pamene ana amayamwa bere lokha.

Zifukwa zake n'zomveka. Uthenga uja woti matumbo apereke malo akangoyamwa umayamba kuzizira. Matumbo akhwima, akuyamwa pafupifupi zonse za mu mkaka, zotsala n'zochepa. Mkaka nawo wasintha, mphamvu yofewetsa ya chithuwi yatha. Koma chimene chatsalacho sichiuma ngakhale chikhale masiku, chifukwa mkaka wa m'mawere uli ndi mitundu ya shuga imene imasunga madzi m'matumbo ndi kudyetsa tizilombo tabwino ta m'menemo, ndipo mafuta ake amagayika mosavuta.

Umboni wake umaoneka tsiku limene chabwera. Mwana amayamba kukwinya nkhope ali kumbuyo, mayi amamva kutentha pamsana, pomutsitsa n'kupeza thewera ladzaza, chatulukira m'mbali mwa timiyendo, chakwera mpaka kumsana, chitenje chonse chathimbirira. Chachikasu kapena chofiirirako, chokhuthala kuposa cha masabata oyamba, chonunkhako, koma chofewa chosachita kuumbika. Mwana wotulutsa chotere sanadzimbidwe, kaya anakhala masiku angati. Kudzimbidwa kwenikweni kumadziwika ndi kuuma: timibulu tolimba ngati ta mbuzi, totuluka mopweteka, nthawi zina tili ndi kamzere ka magazi chifukwa tang'amba khungu potuluka. Kwa mwana woyamwa bere lokha zimenezi n'zosowa kwambiri, moti mukaziona funsani kaye ngati wina pakhomopo sakumupatsa kanthu kena mobisa, ndipo mupite naye kuchipatala.

Podikira chimbudzicho, yang'anani mwanayo. Kodi akuyamwa ndi mphamvu? Matewera onyowa akukwana 6? Akutulutsa mpweya? Mimba mukaidina pang'ono ili yofewa? Akuseka, akutsata anthu ndi maso? Mzere wa m'buku la sikelo ukukwera? Zonsezi zikakhala bwino, dikirani. Ine ndinganene kuti sabata ikakwana mupite naye kusikelo akamukweze ndi kumugwira pamimba, ngakhale akuoneka wosangalala. Sikuti tsiku la 8 ndi langozi ayi, koma kuyeza n'kwaulere m'zipatala za boma, ndipo mwana amene akubiba patalipatali chifukwa cha mkaka wochepa amapezekanso pa msinkhu umenewu. Nenani kwa achipatala tsiku limene chakuda choyamba chinatuluka, chifukwa limenelo ndi funso limene limalekanitsa mwana wabwinobwino ndi wa Hirschsprung.

Chimene chimaopsa makolo kwambiri ndi kuchima. Mwana amafiira nkhope, amakunga mimba, amakoka timiyendo, amalira mphindi 10 kapena 20, mapeto ake n'kutulutsa chofewa, kapena osatulutsa kanthu. Kubiba kumafuna zinthu ziwiri nthawi imodzi, kukankha ndi mimba ndi kumasula minofu yakumunsi. Wamkulu amachita osaganiza, koma khanda silinaphunzire. Limakankha kwinaku litafinya potulukira, ndipo lili chigonere chagada. Kulirako ndi njira yake yowonjezera mphamvu m'mimba. Zimatha zokha m'masabata angapo, ndipo sizidutsa miyezi 9. Mukafuna kumuthandiza, mugonekeni chagada mupindire timawondo kumimba pang'onopang'ono, muziwongola ndi kupinda mosinthanitsa. Mchombo ukapola mungasisite pamimba ndi zala zopaka mafuta, kuyambira m'munsi kudzanja lake lamanja, kukwera, kudutsa pamwamba pa mchombo, kutsikira kumanzere, momwe thumbo lalikulu limayendera. Kumusambitsa madzi ofunda kumamasulanso thupi. Izi sizichiza matenda, koma sizipwetekanso mwana, ndipo zimapatsa manja a agogo chochita.

Zimene timathamangira kupereka

Madzi ndiwo amayamba. Kutentha kwa kuno m'mwezi wa Okutobala ndi Novembala kumachititsa munthu kuganiza kuti mwana naye ali ndi ludzu, ndiye kuti chimbudzi chauma. Koma magawo pafupifupi 87 mwa 100 a mkaka wa m'mawere ndi madzi. Kukatentha mwana amayamwa pafupipafupi kwa nthawi yochepa, ludzu n'kutha. Amene ayenera kuwonjezera kumwa madzi ndi mayi. Madzi opatsa khanda amadzaza kamimba popanda chakudya, mwana amayamwa pang'ono, bere limachepetsa mkaka, chimbudzi n'kucheperatu. Akachuluka amasungunula mchere wa m'magazi, poti impso zake sizinakhwime, mwana mpaka kukomoka. Nanga madziwo achokera kuti? Amene anaona kolera wa 2022 ndi 2023 m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire sangafune kuti dontho la madzi osadziwika lilowe mkamwa mwa mwana wa miyezi iwiri.

Kuyambira 2001 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6, popanda madzi, tiyi kapena phala, kupatula mankhwala ndi katemera wochokera kuchipatala. Kuno kwathu tinkachita bwino: mu 2010 ana 71 mwa 100 osakwana miyezi 6 ankayamwa bere lokha, koma pofika 2015 mpaka 2016 anatsika kufika 61. M'maganizo anga, nkhawa ya chimbudzi ndi limodzi mwa makomo amene madzi ndi phala zimalowera, chifukwa mayi amene wapirira kunenedwa kuti mwana sakukhuta amagonja akauzidwa kuti mwana watsekeka m'mimba. Kwa mayi amene ali ndi HIV nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Kusakaniza bere ndi zakumwa zina m'miyezi yoyamba kumakwiyitsa khoma la matumbo a mwana ndi kukulitsa mpata woti kachilombo kalowe. Mankhwala amene achipatala anapereka kwa mayi ndi kwa mwana apitirire monga anauzira, zina zonse zidikire.

Gripe water ndi madzi osakaniza shuga, soda ndi zonunkhiritsa, malinga ndi mtundu wake, ndipo palibe umboni woti amathandiza kubiba. Mankhwala azitsamba vuto lake n'lakuti palibe amadziwa mlingo wake pa kathupi ka makilogalamu 4, ndipo ena amawononga chiwindi ndi impso. Uchi usalowe mkamwa mwa mwana wosakwana chaka, ngakhale kungomunyambititsa. Umatha kukhala ndi tizilombo toyambitsa botulism, matenda osowa koma ofooketsa minofu mpaka kupuma, ndipo chizindikiro chake choyamba n'kusabiba komweko.

Za sopo ndinenepo mosabisa. Kachidutswa kolowetsedwa kumunsi kamatulutsadi chimbudzi, n'chifukwa chake anthu amakakhulupirira. Kamatero powotcha khungu lofewa la mkatimo mpaka thumbo lifinye. Kangasiye zilonda, ndipo mwana wozolowera kutulutsidwa ndi kanthu amachedwa kuphunzira kumasula yekha minofu ija. Chimodzimodzi kamtengo, thonje, chala kapena kupopera madzi. Ngati pakufunikadi kuthandiza kumunsi, achipatala ali ndi mankhwala ake ndipo amayamba ayeza kaye.

Kwinanso kumabwera chitini. Bambo ali ku Joni, amva pafoni kuti mwana sakubiba, wina wanena kuti mkaka wa mayi ndi wochepa, atumiza ndalama kuti agule mkaka wa m'chitini. Chikondi chilipo, koma mkaka umenewu ndiwo umalimbitsa chimbudzi, chifukwa mafuta ake ena amagwirana ndi kashiamu m'matumbo n'kuuma, makamaka ufa ukachuluka kuposa mlingo wolembedwa pachitini. Mwana amene analibe vuto amayamba kudzimbidwa zenizeni, bere likuphwa, chitini chachiwiri ndalama yake isanabwere.

Amayi ambiri amaimbidwanso mlandu wa zakudya: akuti munadya kondowole, munadya nthochi, inuyo mwadzimbidwa ndiye mwapatsira mwana. Mkaka umapangidwa kuchokera m'magazi, sutuluka m'chifu mwa mayi, ndiye kulimba kwa nsima sikufika kwa mwana. Mapiritsi owonjezera magazi amatha kudzimbitsa mayi ndi kudetsa chimbudzi chake, koma osati cha mwana, ndipo asasiye kumwa. Adye usipa, utaka, nyemba, masamba, zipatso, chilichonse chimene chilipo, mokhuta.

Apongozi kapena agogo akamaumirira, sikuti ndi ankhanza. Ambiri analera ana awo m'nthawi imene phala linkayamba pa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo ana amenewo ankadzimbidwadi, ndiye diso lawo linaphunzira kuopa masiku osabiba. Kukangana nawo pakhonde sikuthandiza, ndipo mtengwa wachichepere sangapambane. Chimene chimathandiza n'kuwatenga. “Amayi, mawa tipitire limodzi kusikelo, mukawafunse nokha anamwino.” Akaona mwana akukwezedwa, mzere wakwera, namva yankho ndi makutu awo, amabwerera akuuza anzawo, ndipo mawu awo pamudzi amamveka kuposa a mayi wa mwana. Abambo amene muli pakhomo, apa m'pofunika mawu anu, chifukwa mayi anu amamva inu msanga kuposa mkazi wanu.

Kudzimbidwa kwenikweni kumakonda kuyamba pa miyezi 6, phala likalowa. Chimbudzi chimasintha mtundu ndi fungo, chimakhuthala, ndipo ana ena amavutika masabata oyamba. Bere lipitirire monga kale, ndipo liziyamba phala lisanabwere. Phala la mgaiwa kapena Likuni Phala ndi labwino kuposa la ufa woyera, mutsiremo nsinjiro, masamba osinja kapena kasupuni ka mafuta. Papaya wakupsa ndi mango ofinya bwino, ochotsa ulusi, amafewetsa m'mimba. Pa msinkhu umenewu madzi owiritsa n'kuzizira ndi ololedwa, pang'ono m'kapu akamaliza kudya. Timibulu tolimba tikapitirira sabata ngakhale mwasintha zakudya, kapena mwana akayamba kuopa kubiba chifukwa cha ululu, mutengeni akaonedwe, ndipo buku lake la kuchipatala musalisiye.